KODI KUDZILETSA NKOBADWA NAKO?

Aphunzitsi anzanga, m'kalasi la ana aang'ono la Sande Sukulu simusowa tiana ta zaka ziwiri kapena zitatu. Ena amabwera ali kumbuyo kwa akulu awo, ena amalondola amai awo mpaka pakhomo nakana kubwerera. Maina awo sali m'kaundula, komabe Lamulungu lililonse amakhala ali pamphasa pomwepo. Pakati pawo mudzapeza mmodzi wokhala phee, chala chili kukamwa, wosavuta munthu. Mudzapezanso wina wosakhazikika, wolanda za anzake, amene mukamletsa amadzigwetsa pansi nagubuduka m'fumbi kulira kwake kukumveka mpaka m'tchalitchi.

Ife akulu sitichedwa kugamula mlandu. Woyamba uja timati ndi mwana wabwino, woleredwa bwino. Wachiwiriyo timati ngwamwano, ndipo ena amaonjeza kuti watengera atate ake, palibe chimene angachite munthu. Funso la phunziro lino ndi ili: kodi chigamulo chimenechi ncholungama? Kodi kudziletsa ndi mphatso imene ena amabadwa nayo ndipo ena amabadwa opanda, kapena ndi chinthu chimene mwana amachiphunzira? Funsoli si lachabe, pakuti yankho lake ndilo limasankha ngati mwana alandira ndodo kapena dzanja, ndipo dzina limene timpatsa ali ndi zaka ziwiri angathe kulinyamula mpaka ukulu.

Chibadwa nchiyani?

Amai aliyense amene anabala ana angapo adzakuuzani kuti ana sabadwa ofanana. Wina amayamwa nagona tulo. Wina amadzidzimuka ndi kulira kwa tambala nalira usiku wonse. Ngakhale mapasa amasiyana, monga tiwerenga pa Genesis 25 za Esau ndi Yakobo, ana a mimba imodzi koma mitima iwiri. Kusiyana kumeneku, kumene kumaoneka mwana asanaphunzire kanthu, ndiko tikutcha chibadwa.

Anthu ophunzira anachifufuza mosamala. M'chaka cha 1956 madokotala awiri a ku New York, Alexander Thomas ndi mkazi wake Stella Chess, anayamba kutsatira ana oposa 130 kuchokera ali makanda mpaka atakula. Anapeza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 40 anali osavuta: odya ndi kugona pa nthawi yake, osekerera, ozolowera msanga zachilendo. Pafupifupi 10 anali ovuta: olira mwamphamvu, osadziwika nthawi yawo ya njala kapena ya tulo, okana chilichonse chatsopano. Pafupifupi 15 anali ochedwa kuzolowera: ofatsa koma obisala kumbuyo kwa chitenje cha amai awo mpaka mtima utakhala pansi. Otsalawo anali ndi zosakaniza.

Pambuyo pake Jerome Kagan wa ku Harvard anayesa makanda a miyezi inai powaonetsa zidole zogwedezeka ndi kuwamvetsera mau achilendo. Mwa 100 alionse, pafupifupi 20 anaphiriphitha manja ndi miyendo nalira kwambiri, ndipo pafupifupi 40 anangoyang'ana osatekeseka. Olira aja, atafika zaka ziwiri, ambiri a iwo ndiwo anali amanyazi ndi amantha. Koma taonani chinthu china chimene anapeza: si onse amene anakhalabe otero. Ambiri pokula anafika pakatikati. Chibadwa chinawapatsa poyambira, koma sichinawamangirire pamenepo.

Choncho tivomereze choyamba kuti chibadwa chilipodi. Mwana wa mtima wapachala sanadzisankhire mtimawo, monganso sanadzisankhire msinkhu kapena khungu. Tsono chinthu chimene munthu sanasankhe sitingamtame nacho, sitingamdzudzule nachonso.

Kudziletsa kumayamba liti?

Kudziletsa ndi chinthu china. Ndi mphamvu yoleka chimene mtima ukufuna tsopano lino chifukwa cha china choposa: kubweza dzanja limene linatambasukira nthochi ya mnzako, kudikira kuti mbale ifike kwa iwe, kunong'ona pamene ukufuna kufuula. Khanda lilibe mphamvu imeneyi ngakhale pang'ono. Mbali ya ubongo imene imagwira ntchitoyi ili kuseri kwa mphumi, ndipo ndiyo imakhwima mochedwa kuposa zina. Siimaliza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mary Rothbart wa ku Oregon, amene anathera moyo wake akuphunzira za chibadwa cha ana, anaonetsa kuti mphamvuyi imayamba kuphuka chakumapeto kwa chaka choyamba, nikula msanga pakati pa zaka ziwiri ndi zinai.

Grazyna Kochanska wa ku Iowa anayesa ana omwewo kawiri, ali ndi miyezi 22 ndiponso ali ndi miyezi 33. Anawapatsa timayeso tosavuta, monga kudikira chakudya chimene chavundikiridwa ndi kapu mpaka belu litalira, ndi kuyenda pang'onopang'ono pamzere. Pa miyezi 22 ana ambiri analephera. Pa miyezi 33 anali atasintha ndithu. Ndipo ana amene amai awo anali kuwamvetsera ndi kuwayankha mwachifundo ndiwo anapita patsogolo kwambiri.

Apa pali phunziro lalikulu kwa ife. Mukauza mwana wa zaka ziwiri kuti akhale chete kwa ola lathunthu, mwampatsa katundu amene khosi lake silinakhwimire. Akalephera, si mwano ai. Palibe amene amasenzetsa kamtsikana ka zaka zitatu ndowa yodzaza madzi. Timakayamba ndi kachitini, kenaka kapoto. Kudziletsanso kuli ndi kachitini kake.

Kukhala chete si kudziletsa

Tsopano tibwerere kwa mwana uja wokhala phee. Kodi iyeyu akudziletsa? Mwina inde, mwina ai. Pali ana amene salanda za anzawo chifukwa choopa, ndipo safuula chifukwa mau awo amauma akaona nkhope yachilendo. Mwana wotere sakulimbana ndi chilakolako chilichonse. Mantha ndiwo amgwira. Pamene timtama kuti ndi wabwino, tikutama mantha ake, ndipo tikumphunzitsa kuti njira yokondweretsa akulu ndiyo kubisala.

Ganizani bwino za ichi. Mwana amene sanaphunzire kunena kuti ai, kapena kunena chimene chikumpweteka, ali pangozi. Ndiye amene amabisa malungo mpaka atagwa. Ndiyenso amene munthu woipa angamchite chipongwe iye osauza wina aliyense. Kwa mwana wamanyazi, kudziletsa kwenikweni ndiko kugonjetsa mantha: kuyankha pamene mtima ukuti bisala, kuimirira pamene miyendo ikuti khala. Nkhondo yake ndi yosaoneka, nchifukwa chake ife sitiithandiza.

Mnzake wa mtima wapachala uja nkhondo yake imaonekera poyera. Iye mkwiyo umamfikira ngati madzi a mtsinje wa Songwe nthawi ya dzinja. Tsiku limene wakwanitsa kudikira pang'ono, milomo ikunjenjemera, wagwira ntchito yaikulu kuposa mwana wofatsa amene wakhala chete tsiku lonse popanda kuvutikira. Woweruza wolungama amayang'ana kukula kwa phiri limene munthu wakwera. Wokwera ku Misuku ndi woyenda pachigwa sitingawayese ndi muyeso umodzi.

Chovuta kuno nchopulumutsa kwina

Mau akuti mwana wovuta ayeneranso kufunsidwa: wovuta kwa yani? M'chaka cha 1974, pamene chilala chinali kupha ng'ombe za Amasai ku Kenya, dokotala wina dzina lake Marten deVries anayeza makanda a mtundu umenewo nasankha khumi osavuta koposa ndi khumi ovuta koposa. Atabwerera patapita miyezi, chilala chitakula, anapeza mabanja a ana 13 okha, pakuti ena anali atasamuka kufuna msipu. Mwa ana osavuta asanu ndi awiri, asanu anali atamwalira. Mwa ana ovuta asanu ndi mmodzi, anamwalira mmodzi yekha. Anawo ndi ochepa, kotero sitingamangepo lamulo, koma tanthauzo lake nlomveka: m'nthawi ya njala, mwana wolira kwambiri ndiye anali kuyamwitsidwa kawirikawiri.

Thomas ndi Chess nawonso anaphunzitsa kuti chimene chimaononga kapena kukonza mwana si chibadwa pachokha, koma kugwirizana kwa chibadwacho ndi malo amene mwanayo akulera. Alimi a kuno ku Chitipa amadziwa zimenezi popanda buku. Khofi amene amabereka bwino m'mapiri ozizira a Misuku sangakondwe m'malo otentha ndi ouma, pamene mawere amapirira. Palibe mlimi amene amakwapula khofi chifukwa sanakhale mawere. Amamfunira malo ake.

Mtima woyaka umene ukutisautsa m'kalasi lero ndiwo mawa udzaima pabwalo la mfumu kuteteza mai wamasiye amene akulandidwa munda. Mtima wamanyazi uja, wosamala ndi woona patali, ndiwo udzasunga ndalama za gulu popanda kusowetsa tambala. Mudzi umafuna onse awiri. Ntchito yathu si kusandutsa ana onse kukhala amtundu umodzi.

Njira ziwiri zofikira pamalo amodzi

Ngati ana amasiyana poyambira, ndiye kuti njira zowafikitsira pa kudziletsa ziyeneranso kusiyana. Kochanska anapeza chinthu chimene mphunzitsi aliyense ayenera kuchisunga. Ana amantha anaphunzira bwino chabwino ndi choipa pamene makolo awo anawalangiza mofatsa, ndi mau otsika ndi zifukwa. Mwana wotere mtima wake ngwofewa kale. Kumuyang'ana kokha kumamkwanira. Mukamkalipira, mantha amadzaza mutu wake wonse kotero kuti samvanso chimene mukunena. Amakumbukira ukali wanu, naiwala phunziro.

Ana opanda mantha anali osiyana. Kwa iwo mau ofatsa okha sanali kulowa, komanso kuonjeza ukali sikunathandize. Chimene chinawagwira chinali ubwenzi. Mwana wolimba mtima amene anali kukondana ndi amai ake, kusewera nawo ndi kuwakhulupirira, ndiye anali kumvera, chifukwa sanafune kuononga chikondicho. Taonani chodabwitsa: mwana amene timaganiza kuti afunika ndodo yaikulu ndiye afunika ubwenzi waukulu.

Amene anaphunzitsapo ng'ombe kukoka ngolo kapena khasu ku Nthalire kapena ku Kameme adzamvetsa. Ng'ombe yamantha ukaimenya imanjenjemera, nigona pansi goli lili m'khosi. Ng'ombe yaukali ukaimenya imaphunzira kukugunda. Mlimi wanzeru yoyambayo amainyengerera, yachiwiriyo amaizoloweza dzanja lake ndi mau ake tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri amaimanga pamodzi ndi ng'ombe yakale yodziwa ntchito. Pomaliza zonse ziwiri zimalima mzere woongoka. Ngati tichita chotero ndi chiweto, nanga kuli bwanji ndi mwana wa munthu?

Kunena za ndodo, tinene mosabisa. Kumenya kumaletsa mwana pa nthawi yomweyo, nchifukwa chake akulu amakukhulupirira. Koma chimene mwana waphunzira ndicho kuyang'ana ngati wamkulu alipo. Kudziletsa ndi mlonda wa m'kati, amene amagwira ntchito ngakhale mphunzitsi atatuluka panja. Ndodo imamanga mlonda wa kunja yekha, ndipo iyo ikachoka mlondayo amachokanso.

Mwana amadikira amene amamkhulupirira

Mwina munamvapo za mayeso otchuka a Walter Mischel ku Stanford, cha m'ma 1970. Mwana anali kupatsidwa switi mmodzi nauzidwa kuti akadikira osadya mpaka wamkulu atabwerera, adzalandira awiri. Kwa zaka zambiri anthu anati mayesowa amaonetsa ana amene anabadwa ndi mtima wolimba. Koma Mischel mwini wake anaona kuti ana odikira anali ndi nzeru zothandizira: kutseka maso, kuimba, kutembenukira kumbali. Nzeru zotere nzophunzitsika. Ndipo m'chaka cha 2018 ofufuza ena atabwereza ntchitoyi pa ana ambiri, anapeza kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwa anawo pokula inachokera ku mabanja amene anakuliramo.

M'chaka cha 2013 Celeste Kidd ndi anzake a ku Rochester anafalitsa zotsatira za mayeso ena. Asanapereke switi, wamkulu analonjeza ana kuti abweretsa makrayoni abwino. Kwa ana ena anabweretsadi. Kwa ena anabwera chimanjamanja napepesa. Kenaka onse anayesedwa ndi switi uja. Amene anasungiridwa lonjezo anadikira pafupifupi mphindi 12. Amene ananamizidwa anadikira pafupifupi mphindi zitatu zokha. Ana onamizidwawo sanali ofooka. Anali atawerenga bwino munthu amene anali naye.

Ku Africa konkuno zinayesedwanso. Bettina Lamm ndi anzake anayerekeza ana a zaka zinai a alimi a mtundu wa Nso ku Cameroon ndi ana a ku Germany. Ana a ku Cameroon anawaikira patsogolo chakudya chofanana ndi mandasi. Mwa 100 alionse, pafupifupi 70 anadikira mphindi khumi zonse, pamene a ku Germany anali osakwana 30. Zikuonetsa kuti kaleredwe ka mudzi kali ndi mphamvu pa kudikira kwa mwana, ndipo kuti ife a kumudzi sitiyenera kudziderera. Mwambo wodikira kuti akulu asambe m'manja poyamba, wolandira chinthu ndi manja awiri, wogawana chimanga chimodzi chootcha, ndi sukulu ya kudziletsa imene agogo athu anatisiyira.

Koma tidzifunse za malonjezo athu. Kangati timauza mwana wolira kuti, "Tonthola, ndikugulira switi pobwera," tilibe ngakhale ganizo logula? Kangati timamuopseza kuti fisi ali panja, kapena kuti adokotala abwera ndi jekeseni? Timati nzazing'ono. Koma bodza lililonse lotere limaphunzitsa mwana kuti mau a akulu ndi mphepo, kuti chanzeru ndi kugwira chimene chili pafupi nthawi isanathe. Kenaka timadabwa kuti sadikira.

Tisanaweruze, tifunse

Pali zinthu zina zimene zimaoneka ngati chibadwa choipa pamene sizili chibadwa konse. Choyamba ndi njala. Mwana amene wayenda ulendo m'mawa wozizira wa mwezi wa June wopanda phala m'mimba sangakhale woleza mtima. Ngakhale ife akulu njala imatifupikitsa mtima. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Thupi losowa chakudya limasowetsanso ubongo mphamvu yodzigwira. Chimodzimodzi malungo oyamba kumene, tulo tosakwana, ndi khutu lotuluka mafinya limene silikumva bwino.

Chachiwiri ndi chinenero. Boma lathu lino lili ndi zinenero zambiri kuposa maboma ena: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chinamwanga ndi zina. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa chinenero cha amai ake chokha. Mukamlamula m'Chichewa kapena m'Chitumbuka iye nangokuyang'anani, musafulumire kunena kuti ngwamakani. Mwina sanamve. Funsani mkulu wake akuphunzitseni mau anai kapena asanu a kwawo, monga akuti bwera, khala, dikira ndi zikomo, ndipo mudzaona kusintha.

Chachitatu ndi zochitika kunyumba. Mwana amene wangoletsedwa kuyamwa, kapena amene wabadwiridwa mng'ono namlanda msana wa amai, kapena amene atate ake apita kukagwira ntchito ku Tanzania kapena ku Zambia, angathe kusintha khalidwe kwa miyezi ingapo. Mtima wake uli pa maliro amene sadziwa kuwatchula.

Nanga tingolekerera?

Wina adzati: "Mukatero mwachotsa mlandu wonse. Ngati mkwiyo uli chibadwa ndipo mwana sanakhwime, ndiye kuti tizingoyang'ana pamene akuluma anzake?" Funsoli nloyenera, ndipo yankho lake ndi ai. Kumvetsa chifukwa cha chinthu nkosiyana ndi kuchilola. Mwana woluma ayenera kuletsedwa nthawi yomweyo, lero ndi mawa ndi mkuja, mosasinthasintha.

Kudziletsa nkofunika kwambiri kotero kuti sitingakusiye kuti kudzimere kokha. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, ofufuza anatsatira ana 1,037 obadwa m'zaka za 1972 ndi 1973. M'chaka cha 2011 anafalitsa zimene anapeza anawo atafika zaka 32. Amene anali osadziletsa paubwana ndiwo ambiri anali ndi matenda, ngongole, uchidakwa ndi milandu, ngakhale poyerekeza ana a nzeru zofanana ndi a mabanja ofanana. Koma anapezanso kuti ana amene kudziletsa kwawo kunakula pamene anali kukula, moyo wawo unayenda bwino kuposa mmene chiyambi chawo chinalosera. Khomo silinatsekedwe pa zaka zitatu. Akale anati m'mera mpoyamba, ndipo ananena zoona. Koma sananene kuti mmera wopindika uzulidwe.

Tsono mlandu uli pati? Chibadwa si mlandu wa mwana kapena wa makolo. Koma chimene tichita nacho chibadwacho ndi udindo, ndipo pa zaka ziwiri udindowo uli pa ife akulu pafupifupi wonse. Mwana amabwereka kudziletsa kwa wamkulu asanakhale nako kwake. Pamene akulira mosatonthozeka inu nimumnyamula mtima wanu uli m'malo, kupuma kwake kumatsata kupuma kwanu. Mukachita zimenezi kambirimbiri, tsiku lina amadzitonthoza yekha. Chaka ndi chaka katunduyo amachoka pa phewa lanu kunka pa lake, mpaka atakula nayankha yekha pa zochita zake. Koma wamkulu amene amakalipa pophunzitsa kuleza mtima akubwereketsa chimene iye alibe.

Nkoyenera kukumbukira kuti pa Agalatiya 5 mtumwi Paulo anaika kudziletsa pakati pa zipatso. Chipatso sichituluka tsiku lobzala, ndipo sichipsa chifukwa chokwapula mtengo. Petro amene anasolola lupanga m'munda muja sanachotsedwe moto wake. Motowo unaphunzitsidwa ntchito.

Zoti muchite m'kalasi

1. Dziwani mwana aliyense. Funsani amai ake kapena agogo ake kuti, "Kodi uyu akakwiya mumamtonthoza bwanji? Amaopa chiyani?" Iwo anamphunzira kale.

2. Musasunge tiana tating'ono pamalo amodzi nthawi yaitali. Nkhani ikhale yaifupi, kenaka nyimbo yoimirira, kenaka kukhalanso. Wosakhazikika uja mpatseni ntchito: agawe timapepala, anyamule mphasa.

3. Seweretsani masewera ophunzitsa kuima. Ombani m'manja ana akuvina, mukaleka onse aime nji. Imbani nyimbo mokweza, kenaka monong'ona. Ana amaseka, koma m'kati akulimbitsa mphamvu yomwe ija ya kuseri kwa mphumi.

4. Tsatani ndondomeko imodzi Lamulungu lililonse, ndipo chenjezani musanasinthe chochita. Mwana amene akudziwa chimene chikubwera savutika kudikira.

5. Mwana akapsa mtima, gwadani kuti maso anu alingane ndi ake. Gwirani dzanja lake mofatsa koma molimba, nimunene mau ochepa: "Wakwiya. Kumenya ai." Mukampatsa dzina la chimene chikumuwawa, pang'ono ndi pang'ono adzagwiritsa ntchito pakamwa m'malo mwa mano. Malangizo aatali adikire mpaka atatonthola.

6. Wamanyazi musamkokere kutsogolo kapena kumseka. Mlekeni aonerere ali pafupi ndi mkulu wake, mumpatse kanthu kakang'ono koti achite, ndipo sabata ndi sabata muonjezere. Kuona maso a nkhono nkudekha.

7. Tamani kuyesetsa kumene mwakuona, nimukutchule: "Unafuna kulanda, koma wadikira. Wachita bwino." Musayerekeze mwana ndi mnzake pamaso pa onse.

8. Musalonjeze chimene simudzachita, ndipo musaopseze ndi chimene kulibe.

9. Lekani maina oipa. Mau akuti wamwano, chitsiru kapena mfiti asatuluke pakamwa panu, ndipo muwaletse mwaulemu pamene ena awanena. Mwana amakhulupirira akulu, ndipo amakula kulowa m'dzina limene ampatsa.

Aphunzitsi anzanga, ola limodzi pa sabata nlochepa, ndipo simudzaona zipatso zonse ndi maso anu. Koma kwa mwana amene kulikonse amamutcha wovuta, munthu mmodzi wamkulu amene samuopa, samunyoza, ndiponso samunamiza angathe kukhala chiyambi cha kusintha. Ndipo makolo amaona. Mai amene waona mwana wake akutonthola m'manja mwanu popanda ndodo adzafunsa kuti mwachita bwanji, ndipo phunzirolo lidzafika kunyumba.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa aphunzitsi

1. Ganizirani ana awiri a m'kalasi lanu, wina wa mtima wapachala ndi wina wamanyazi, popanda kutchula maina. Kodi aliyense wa iwo akulimbana ndi chiyani?

2. Kodi tingazindikire bwanji mwana amene ali chete chifukwa cha mantha ndi amene ali chete chifukwa cha mtendere?

3. Ndi miyambo iti ya kwathu kuno imene imaphunzitsa ana kudikira? Ndi iti imene imangowaopseza?

4. Kholo likakuuzani kuti, "Mwana wangayu akavuta mummenye," mudzaliyankha bwanji mwaulemu?

5. Ndi zinthu ziti zimene zimakufupikitsani mtima inuyo pophunzitsa, ndipo mungakonzekere bwanji musanalowe m'kalasi?